Kuseri kwa Chikalata cha Teniente Fleitas

1

Dzina langa ndi Heriberto Samaniego, wa kuno ku Asunción, likulu la dziko lathu, ndipo ndinawabera apongozi anga. Sindinawabere ndalama kapena ndolo za golide. Ndinawabera pepala limodzi, ndipo mpaka lero ndimati bola ndikanaba ndalama.

Ntchito yanga ndi yosindikiza makadi a ukwati ndi makalendala, koma matenda anga ndi ena. Kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikutolera zikalata zimene boma linkapereka pamodzi ndi mendulo kwa akuluakulu a asilikali pa nkhondo ya ku Chaco, ija agogo athu anamenyana ndi a ku Bolivia. Mendulo zenizenizo sizindipatsa njala, chifukwa chitsulo sichitchula mwini wake. Pepala ndilo limatchula dzina, udindo, tsiku ndi malo amene munthu anaonetsera chamuna. Ukalipeza umayamba kumusaka mwiniyo m'mabuku akale a asilikali, m'matchalitchi ndi kumanda, mpaka udziwe kumene anabadwira ndi kumene anathera.

Mkazi wanga Griselda ankati ali pa mitala. "Ine ndi akufa akowo. Ndipo aakulu ndi iwo, chifukwa kabati yabwino m'nyumba muno unapatsa iwo, mbale zanga zili m'katoni."

Loweruka lililonse masana tinkakumana kuseri kwa sitolo ya mabuku akale pafupi ndi msika, amuna asanu ndi mmodzi, kapu ya tereré, tiyi wathu wozizira, ikuyenda dzanja ndi dzanja. Mkulu wathu anali Dokotala Insaurralde, wozula mano wopuma pa ntchito, amene akagwira dzina la msilikali sankalisiya mpaka atadziwa ndi nambala ya nsapato zake yomwe. Lamulo lathu linali limodzi, ndipo analiika ndi iwo. Ngati mwana wa msilikaliyo ali moyo, sulengeza kanthu usanakagogode pakhomo pake. Ngati banja linatha, nkhaniyo ndi yako, ukailembe m'nyuzipepala mmene ungafunire.

2

Apongozi anga, Ña Eduvigis, kapena kuti Mayi Eduvigis m'kalankhulidwe ka kwathu, anali ndi zaka 72 nthawi imeneyo. Bambo awo, Teniente Aniceto Fleitas, ndiye kuti lefutenanti, mmodzi wa akuluakulu a asilikali, anapita ku nkhondo iwo ali m'mimba, ndipo aliyense ankadziwa kuti anafera kumeneko mu Disembala 1934, mtembo osapezeka. Chimene anasiya chinali chikalata cha mendulo ya Mtanda wa Chaco, chopachikidwa m'felemu pabalaza, pambali pa chithunzi cha Maria Virigo. Chaka ndi chaka pa 12 Juni, tsiku lokumbukira kutha kwa nkhondo, ankavala diresi lakuda n'kukakhala pa mzere woyamba ku sukulu ya m'dera lawo, kumene dzina la bambo awo linalembedwa pakhoma pamodzi ndi ena ofera ku nkhondo.

"Ine ndinakula wopanda bambo, koma sindinakule wotayidwa," ankatero. "Pamenepo pali kusiyana, mwanawanga."

Anzanga a Loweruka sindinawauzepo za chikalata chimenecho, poopa kuti angandikhalire pakhosi. Koma chaka cha 2005 Dokotala anabwera ndi chikalata cha woyendetsa ndege ya nkhondo. Oyendetsa ndege athu anali owerengeka, ndipo pepala lotero munthu umaliona kamodzi pa moyo wako. Ndinalilota sabata yathunthu.

"Siligulitsidwa," anatero Dokotala. "Koma wina akandipezera mkulu wa asilikali wofera pa nkhondo ya mu Disembala ija, tisinthana. Ndi pokhapo pamene pali mpata m'kabati mwanga."

Lamlungu lotsatira ndinaima pabalaza pa apongozi n'kugogoda felemu ija ndi chala. "Amayi, matabwawa chiswe chawalowa. Bwanji ndikawasinthe kuntchito kwanga?"

Anandipatsa ndi manja awiri, atakulunga m'nsalu ya patebulo.

Ndine wosindikiza ine. Ndinapeza pepala lakale, ndinajambula chikalatacho, ndinalipaka madzi a tiyi wakuda n'kuliumitsa padzuwa. Litalowa m'felemu yatsopano, ngakhale ine mwini ndikanalumbira kuti ndi lenileni. Ndinadziuza kuti maso a nkhalamba sadzasiyanitsa, ndiye palibe amene ndamulakwira.

Pochotsa chikalata chenicheni ndinachitembenuza, monga amachitira wotolera aliyense. Kuseri kunali siginecha ya Teniente Fleitas mwini wake, ya inki yabuluu, ndi tsiku pansi pake. Chikalata chokhala ndi dzanja la mwini wake ndi chamtengo kawiri, ndiye Dokotala sakanatha kukana. Tsikulo ndinaliona, koma sindinaliganizire. Ndinkaona ndege basi.

"Banja lake?" anafunsa Dokotala, akuchiyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu.

"Linatha. Ndachipeza kwa munthu wogulitsa katundu wa m'nyumba ya omwalira ku Luque."

Bodzalo linatuluka mosavuta ngati moni, ndipo tinasinthana pomwepo.

3

Patapita masabata atatu foni inalira kuntchito.

"Heriberto, iwe ndi mwana wabwino koma ndiwe chitsiru," anatero Dokotala, akuseka. "Wandipatsa golide ukuyesa mkuwa. Kuseri kuja unayang'anako?"

"Siginecha ija? Ndinaiona."

"Unaiona, eti? Bwera Loweruka, ndipo ubwere ndi mtima wolimba. Pafoni sindinena."

Tsiku lomwelo tinakadya nkhomaliro kwa apongozi. Anandiikira mbali yapakona ya chipa guasu, chikondamoyo chathu cha chimanga, yopsereza pang'ono, imene amadziwa kuti ndimaikonda.

"Taona Griselda, abambo akuoneka ngati asamba," anatero akuloza pakhoma. "Ana anga ondibadwira anayi, koma woganiza za felemu anakhala mkamwini."

"Musamutamande kwambiri, amayi, angayambe kukusungani m'kabati ndi inu nomwe," anatero Griselda.

Onse anaseka. Ine ndinasiya kudya n'kunamizira chifuwa.

4

Loweruka Dokotala anayala chikalatacho patebulo chafufumimba, n'kutiitana tonse kuti tiwerame.

"Mabuku onse akuti munthuyu anafa mu Disembala 1934. Tsopano wina andiwerengere tsiku lili pansi pa siginechali."

Wina anawerenga. 18 Ogasiti 1936.

"Ine ndazula mano zaka makumi anayi, koma wakufa wosaina sindinamuonepo," anatero Dokotala.

Anafotokoza pang'onopang'ono, akusangalala ndi liwu lililonse. Teniente Fleitas sanafe. Anavulala, a ku Bolivia anamutola, anakhala mkaidi kumapiri kwawoko, ndipo anabwerera ndi akaidi ena nkhondo itatha. Chikalata chake anakatenga yekha n'kusainira. Kenako anawoloka mtsinje kupita ku Clorinda, mbali ya Argentina, anakwatira, anatsegula malo ometera tsitsi, anabereka ana asanu, ndipo anamwalira ndi ukalamba mu 1981.

Clorinda. Basi imafikako ola limodzi. Ña Eduvigis ankapitako kukagula mafuta ophikira otsika mtengo. Pamene bambo awo ankaikidwa m'manda, iwo anali ndi zaka 48, akuyala maluwa pansi pa dzina la munthu amene ankameta anthu ndevu tsidya la mtsinje.

"Mwana wake wamkulu, Nicasio, ndamulembera kale kalata," anapitiriza Dokotala. "Ndamuuza kuti dzina la bambo ake lili pakhoma la sukulu ina kuno pakati pa akufa. Nkhani yonse ituluka m'nyuzipepala Lamlungu la sabata yamawa. Kunotu banja linatha, si choncho Heriberto? Palibe pogogoda."

Anzanga anandimenya pamsana, ati ndili ndi dzanja lamwayi.

Onse atachoka ndinatsalira. "Dokotala, tibwezerane. Tengani ndege yanu."

"Nsanje yayamba?"

"Ndiwonjezerapo zikalata zina zitatu. Zisanu. Musankhe nokha."

"Ngakhale undipatse kabati yonse ndi mkazi wako yemwe. Chavuta n'chiyani?"

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Koma ndinachita manyazi. Ndinangoti palibe, n'kunyamula chipewa changa.

5

Masiku asanu ndinayenda ngati nkhuku yonyowa. Ndinasindikiza makadi a ukwati mazana awiri dzina la mkwatibwi nditalilakwitsa. Kawiri konse ndinamuitana Griselda kuti ndimuuze, ndipo kawiri konse ndinathera pomufunsa kumene waika masokosi anga.

Lachinayi madzi anafika m'khosi. Ndinapita kunyumba kwa Dokotala n'kuwauza zonse, nditaimirira pakhonde.

Sanandilalatire, ndipo bola akanatero. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Mwana wake wamkazi ali moyo, ndipo ndi apongozi ako, ndipo pakhoma pawo wapachikapo tiyi."

"Inde."

"Lamulo lathu ndi limodzi lokha, Heriberto. Limodzi. Ngakhale galu wanga akanalisunga."

Pomwepo anaimba ku nyuzipepala, ndipo nkhaniyo anaichotsa. Ndinayamba kupuma. Kenako anaimba ku Clorinda, chifukwa Nicasio anali atayankha kale kuti adzabwera pa 12 Juni kudzaona khoma limene linaika bambo ake m'manda asanafe. Ndinkamva mbali ya Dokotala yokha.

"Ayi bambo, chaka chino musabwere... Ayi, palibe choopsa, kungoti mwambowo umachititsa anthu ena chisoni... Ndikutanthauza abale... Ee, pali mayi wina wachikulire amene..."

Anaima. Anandiyang'ana. Mawu anali atatuluka kale, ndipo kunali kosatheka kuwameza. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anaika foni pansi.

"Akuti ngati ali ndi mlongo, palibe dokotala wa mano amene angamuletse kumuona. Akuti iye wakalamba, alibe nthawi yodikira." Anabwezera magalasi kumaso. "Chikalata chako ndi ichi, kachibweze kumene unachichotsa. Ndege ija khala nayo, sindikuifunanso m'nyumba mwanga. Ndipo Loweruka usadzabwerenso."

Chikalatacho ndinachiika m'thumba la jekete. Koma kuchibweza m'felemu kukanathandiza chiyani? Chimene chinali panjira sichinali pepala, anali munthu wa miyendo iwiri.

Griselda ndinamuuza m'mawa wa pa 12 Juni, akusita diresi lakuda la amayi ake. Anamvetsera mpaka kumapeto, simbi ili m'manja.

"Zaka 26 ndakhala ndikuseka matenda akowa," anatero. "Ndimayesa ndi matenda osapatsirana."

"Ndichite chiyani, Griselda?"

"Ukundifunsa ine? Pamene unkapaka tiyi unandifunsa? Ukawauze wekha, tisananyamuke."

Ndinapita, ndinawapeza akupesa tsitsi, ndinawapatsa moni, ndipo ndinawanyamulira maluwa mpaka m'galimoto.

6

Ku sukulu Nicasio ndinamuzindikira asanadzitchule. Anali bambo wa zaka za m'ma 60, wamtali, wa jekete lotuwa, ataima kumbuyo ndi kachikwama m'manja. Chibwano chake chinali cha Ña Eduvigis, komanso cha mkazi wanga. Mayina a akufa akuwerengedwa, la Aniceto Fleitas litatchulidwa, apongozi anaimirira monga mwa nthawi zonse, ndipo bamboyo anavula chipewa n'kuyamba kulira.

Anali munthu waulemu. Sanalankhule pagulu. Anadikira pachipata n'kupempha ngati angafike kunyumba, ati ali ndi mawu okhudza malemu. Apongozi anakondwa, poganiza kuti ndi mwana wa msilikali amene anamenya nkhondo pamodzi ndi bambo awo.

Pabalaza anatulutsa mendulo, Mtanda wa Chaco weniweniwo, n'kuuika patebulo. Kenako anatulutsa zithunzi. Pa china panali nkhalamba yonenepa ikuzima makandulo a keke, zidzukulu zitaizungulira.

"Awa ndi bambo anga, Ña Eduvigis. Ndipo ndikukhulupirira kuti ndi bambo anunso. Ine ndine Nicasio Fleitas."

Apongozi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Mwasokoneza, bambo. Abambo anga anafa ndi zaka 24."

Nicasio anafotokoza za kalata ya Dokotala, ndi za siginecha ya kuseri kwa chikalata.

"Dokotala ameneyo chikalata changa wachiona kuti? Si icho pakhomapo?"

"Funsani mkamwini wanu," anatero Griselda, akuyang'ana pansi.

Ndinatulutsa pepala lenileni m'jekete n'kuliika pafupi ndi mendulo. Ndinanena zimene ndinachita, ndipo sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Apongozi sanandiyang'ane. Anatembenuza chikalatacho n'kuwerenga tsikulo, milomo ikuyenda.

"Mu Ogasiti 1936 ndinali ndi zaka zitatu," anatero. "Amayi anandiuza kuti pepalali anabwera nalo asilikali awiri, atavala zakuda pamkono. Ngati anakatenga yekha, linafika bwanji m'nyumba mwathu?"

Nicasio anazungulitsa chipewa pabondo. "Achemwali, zina ndi bwino kuzisiya."

"Mwawoloka mtsinje kudzandisiyira theka? Nenani."

"Anatiuza kamodzi kokha, akudwala. Anati asanapite ku nkhondo anali ndi mkazi. Pobwerera anakumana ndi amayi anga, amene ankasamalira akaidi odwala, ndipo mtima unapita kumeneko. Ndiye anafika pakhomo pa mkazi woyambayo, anamupatsa chikalata n'kumuuza kuti, tenga ichi, anthu akuti ndinafa, zisiye choncho, ulemu wa mkazi wamasiye ndi wako. Sanalowe m'nyumba."

"Nanga za mwana ananenapo chiyani?"

Nicasio anandiyang'ana ine, ngati ine ndingamuthandize. Munthu wabwino akanawanamiza. Iye anali wabwino mwa mtundu wina uja, wosatha kunama.

"Anati pabwalo panali kamtsikana kakuthamangitsa nkhuku."

"Basi?"

"Anati sanafunse kuti ndi ka ndani."

Apongozi anasonkhanitsa zithunzi zija bwinobwino n'kumubwezera, pamodzi ndi mendulo.

"Griselda, apatse alendowa chakudya, achokera kutali," anatero. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo tsiku limenelo sanatulukenso.

7

Griselda anasamukira kwa amayi ake sabata yomweyo, ati kukawasamalira. Patha miyezi isanu ndi inayi. Timalankhulana, amandichapirabe malaya nthawi zina, koma sanena tsiku lobwerera, ndipo ine ndilibe nkhope yofunsira. Alamu anga atatu sandipatsa moni. Nicasio amaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo apongozi amauza Griselda kuti anene kuti agona.

Ndinkadikira kuti adzanditukwane. M'malo mwake, mu Sepitembala anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, ataonda, atafunda shawelo ngakhale kunkatentha.

"Heriberto, iwe ndi amene umadziwa mapepala ndi maofesi."

"Amayi, ndikhululukireni. Ine..."

"Zimenezo ukauze wansembe. Ine ndili ndi ntchito yoti undigwirire." Anandipatsa envelopu yokhala ndi chitupa chawo ndi kalata yawo ya kubadwa. "Ndikufuna dzina la Fleitas lichoke pa ine. Nditsale ndi la amayi anga lokha. Sindikufuna lidzalembedwe pa manda anga."

"Amayi, zimenezi sizophweka."

"Unatha kumupeza munthu amene anabisala zaka makumi asanu ndi awiri. Ulephere kufufuta liwu limodzi?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyenda. Ndakhala pa mabenchi a maofesi, ndaonana ndi maloya atatu, ndalemba makalata amene ena ayankhidwa ndipo ena ayi. Kulikonse amandiuza mwaulemu chinthu chimodzimodzi, kuti bwalo lamilandu limafuna chifukwa chomveka, kuti nkhani zotere zimatenga zaka, ndipo kuti bamboyo anali bambo awo ndithu. Umboni wake ndi wokwanira, ndipo amene anauvundukula ndine. Lachisanu lililonse ndimapita kukapereka lipoti. Amandiyang'ana ndikulowa pachipata n'kufunsa funso limodzi: "Lachoka?" Ndimati ayi, amayi, koma tikuyesetsa. Amagwedeza mutu n'kuyang'ana kumsewu. Dokotala wawo wa kuchipatala wauza Griselda kuti mtima wawo wafooka, ndipo tonse tikudziwa kuti sadzadikira zaka zimene bwalo likufuna.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti choonadi chikanatulukabe tsiku lina. Ndayesapo kudzitonthoza choncho, koma sizigwira. Mayi awo anachisunga mpaka kumanda, bambo awo anachisunga tsidya la mtsinje, ndipo panangotsala zaka zochepa kuti nawonso apite ali mwana wa ngwazi. Ena a inu muli ndi zanu zimene mumatolera, kapena mumakonda kufukula mbiri ya mabanja, ndipo sindikuletsani. Ndikungokupemphani kuti mukagwira pepala lakale lokhala ndi dzina la munthu, muyambe mwafunsa amene akutsamira pa dzinalo, ndipo mufunse moona. Ine ndinkamudziwa wotsamirapo, ndinkadya patebulo pake, ndipo ndinanena kuti banja lake linatha.

Mawa ndi Lachisanu. Adzandifunsa ngati lachoka, ndipo ndidzawauzanso kuti ayi.